Tifunseni: kulandira mayaro ku Joni

Makalata a mwezi uno achokera kwa Amalawi a ku Johannesburg, ndipo onse akukhudza mayaro, ana a chaka choyamba ku yunivesite, amene amayamba maphunziro mu Febuluwale. Ayankha ndi alangizi a ophunzira amene timagwira nawo ntchito pa tsamba lino. Mayina tabisa monga mwa nthawi zonse.

Zikomo akonzi. Andisankha kukhala wapampando wa kagulu ka ophunzira a ku Malawi pa sukulu yathu. Chaka chatha mayaro tinawaphikira nsima ya nkhuku, tinajambulitsa, basi. Pofika Juni ena sitinkadziwa n'komwe kumene ali. Chaka chino tikuyembekeza ana 12. Ndiyambire pati? — Wapampando watsopano, Braamfontein

Achimwene, nsimayo musaisiye, koma ntchito yeniyeni imayamba mu Disembala, ana asanakwere basi. Pezani nambala za onse 12, ndipo aliyense mumupatse konti wake, wophunzira womuyang'anira wa chaka chachiwiri kapena chachitatu, makamaka wa maphunziro ofanana ndi ake. Konti mmodzi asapitirire ana atatu. Gulu la WhatsApp ndi labwino polengeza zinthu, koma mwana safunsa funso lochititsa manyazi pamaso pa anthu 30. Amafunsa munthu mmodzi amene wamuzolowera.

Ntchito yoyamba ya konti ndi kuona mapepala mwana akadali kumudzi. Pasipoti ikhale ndi study visa yolembedwa dzina la sukulu imene akupitayo. Akhale ndi kalata yomulandira, medical aid yolembetsedwa kuno ku South Africa yokwanira chaka chonse cha sukulu, umboni woti walipira gawo la fizi limene sukulu imafuna asanalembetse, komanso, kwa wofuna digiri pogwiritsa ntchito satifiketi ya kunja, chikalata cha exemption chochokera ku Matriculation Board, chovomereza kuti satifiketiyo ikukwanira kulowera yunivesite. Ofesi ya ophunzira akunja imayamba yaona zonsezi isanamulole kulembetsa, ndipo chimodzi chikasowa mwana amangozungulira m'makonde anzake akuphunzira. Muuzeni ajambule pepala lililonse, adzitumizire pa imelo.

Tsiku lofika musalipeputse. Wobwera pa basi amakhala wadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, wagona m'njira, miyendo yatupa, foni yathima kapena ilibe netiweki. Basi imachedwa pa malire, choncho nthawi yolembedwa pa tikiti musaidalire. Pitani awiri ku Park Station, ndipo mukhale mutamuuza kale kuti akatsika adikire mkati, pafupi ndi ofesi ya kampani ya basiyo, asatuluke panja ndi zikwama, asalole munthu wosamudziwa kumunyamulira katundu, foni ikhale m'thumba. Tsiku limenelo musamupatse malangizo ambirimbiri, sangagwire kanthu. Adye, asambe, alankhule ndi makolo pa foni yanu, agone. Mawa lake ndiye mupite naye kukagula SIM. Kulembetsa SIM motsatira lamulo la RICA kumafuna pasipoti ndi umboni wa kumene akukhala, ndipo kalata ya kumalo ogona ophunzira imathandiza pamenepa komanso ku banki.

Kenako muyende naye wapansi njira imene azidzayenda tsiku ndi tsiku. Musangomulozera pa mapu. Aone pokwerera basi ya sukulu, geti lolowera, laibulale, chipatala cha pa sukulu, ofesi ya fakote yake, ndi msewu umene sayenera kudutsamo kukada. Muonetsetsenso kampasi yake. UJ (University of Johannesburg) ili ndi zinayi: Kingsway ndi Bunting Road ku Auckland Park, Doornfontein, ndi Soweto. Ku Wits, ambiri amaphunzira ku Braamfontein koma a zaumoyo ndi a zauphunzitsi amapezeka ku Parktown. Ana ena amalipira chipinda asanadziwe zimenezi, n'kumathera ndalama ya ndiwo pa takisi.

Phwando lanu lisagundane ndi masiku amene yunivesite yakonza olandirira ophunzira atsopano. Kumeneko ndi kumene amaonetsedwa kagwiritsidwe ntchito ka laibulale ndi makompyuta, ndipo amapeza anzake a m'kalasi amene si Amalawi, amene adzawafuna kwambiri. Inu muwonjezere chimodzi: konti akhale pansi ndi mwana pa kompyuta, alowe limodzi mu imelo ya sukulu ndi pa tsamba la pa intaneti la ophunzira, Ulwazi ngati ndi wa ku Wits, kapena uLink ngati ndi wa ku UJ, ayese kutsitsa manotsi ndi kuona potumizira ntchito. Ambiri ochokera ku sekondale za kwathu sanatumizepo ntchito pa intaneti, ndipo sanena.

Tsopano chimene chinakusowani chaka chatha. Milungu isanu ndi umodzi yoyambirira, konti aliyense azionana ndi ana ake maso ndi maso kamodzi pa mlungu, ngakhale mphindi 20 zokha. Asafunse kuti "uli bwanji", chifukwa mwana woleredwa kwathu amayankha "ndili bwino" ngakhale wagona ndi njala. Afunse zogwirika: dzulo wadya chiyani, mlungu uno walowa ma tutorial (makalasi a timagulu) angati, test yoyamba ili liti, ndalama yatsala yofika pa tsiku liti. Inu monga wapampando muzikumana ndi makonti pa milungu iwiri iliyonse, osati kuti muzimva zinsinsi za ana, koma kuti mudziwe amene sakupezeka ndi konti amene watopa. Konti nayenso ali ndi mayeso ake. Akalemedwa, musinthe msanga mwana asanaone ngati watayidwa. Ndipo zonse zimene mwaphunzira chaka chino muzilembe m'kope limodzi, loti mudzasiyire amene adzalowe m'malo mwanu.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno. Mwana wa mchimwene wanga wapeza malo ku yunivesite koma visa sinatuluke. Anzanga akuti angobwera ndi masiku 30 aja, tidzakonza konkuno. Nditero? — Azakhali, Randburg

Ayi mayi, musatero. Masiku 30 amene Mmalawi amapatsidwa pa malire ndi a mlendo wodzacheza, ndipo lamulo silimulola wodzacheza kusintha n'kukhala wophunzira ali m'dziko muno. Study visa yoyamba imapemphedwa mwana ali ku Malawi. Akabwera chonchobe, sukulu sidzamulembetsa, masiku adzatha, ndipo wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapitiriza osaposa masiku 30, zaka zisanu ngati waposa. Malo a sukulu n'kutayika pomwepo.

Chochita n'chakuti mwanayo alembere ofesi ya ophunzira akunja pa yunivesiteyo lero lomwe, atumize lisiti yosonyeza kuti anapempha visa, afunse tsiku lomaliza limene angalembetse mochedwa, komanso ngati angamusungire malo. Yankho likhale lolembedwa. Munthu wokuuzani kuti ali ndi mnzake mkati amene angatulutse visa msanga mukamupatsa kenakake, mutalikirane naye. Visa yabodza ikagwidwa, wovutika ndi mwana.

Popeza ndinu kholo lake kuno, dziwaninso izi. Visa ikatuluka, kuiwonjezera kumachitika konkuno kudzera ku VFS, kampani yolandira mapempho a visa, ndipo pempho liyenera kulowa kutatsala masiku 60 kuti ithe. Imamulola ganyu yosapitirira maola 20 pa mlungu. Monga mwana wa m'dziko la SADC, fizi ya maphunziro amalipira ngati mwana wa kuno, kuwonjezerapo kandalama ka ophunzira akunja, koma thandizo la boma la NSFAS, lolipirira ophunzira a kuno, iye sangalipeze. Banja likhale pansi liwerengere chaka chonse, osati mwezi woyamba wokha.

Ndine konti, ndikuyang'anira mtsikana wa chaka choyamba. Kumudzi anali woyamba m'kalasi. Test yoyamba wapeza 34, yachiwiri sanalembe. Pano sayankha mauthenga, anzake akuti amangogona. Ndikuopa kuuza makolo ake. — Mchemwali wodandaula, Auckland Park

Mwachita bwino kulemba, achemwali, ndipo musadikire kuti ayankhe uthenga. Pitani mukagogode, mutatenga kachakudya. Musayambe ndi za malikisi. Khalani naye, muone chipindacho: makatani otseka masana, mbale zosatsuka za masiku, kapena m'kabati mopanda ngakhale ufa, zimanena zambiri kuposa pakamwa pake.

Kugwa pa test yoyamba n'kofala kwa ana amene ankakhoza kwambiri ku sekondale, ndipo chifukwa chake chimadziwika. Kwathu mphunzitsi amalemba manotsi pa bolodi, mwana amaloweza, mayeso aakulu amabwera kumapeto. Kuno mphunzitsi amalankhula mofulumira m'holo ya anthu mazana, palibe wokufunsa ngati wamva, ndipo malikisi amayamba kuwerengedwa kuyambira mwezi woyamba. Ma test, ntchito zolemba ndi ma tutorial zimaphatikizidwa kukhala malikisi a semesita. Ku UJ, amene sanafike pa 40 saloledwa kulowa m'mayeso a phunziro limenelo, ndipo kukhoza kumayambira pa 50. Mwana amene sanauzidwe zimenezi amaganiza kuti adzalimbikira kumapeto, pamene khomo latsekedwa kale.

Choncho mukhale naye pansi ndi chikalata cha phunziro lililonse, chimene chimasonyeza kuti test iliyonse imalemera bwanji, muwerengere limodzi zimene zatsala. Kawirikawiri 34 wa mu Malichi amawomboleka, ndipo mwana akaona manambala ndi maso ake mtima umatsika. Za test imene sanalembe, apite msanga kwa woyang'anira phunzirolo. Ngati anadwala, pamafunika kalata ya dokotala, ndipo masiku operekera kalatayo amakhala ochepa kwambiri. Mumuperekeze kwa tutor ndi kumalo othandizira kulemba. Ngati maphunziro amuchulukira, mlangizi wa ku fakote ndi amene angamuuze ngati angasiye limodzi ndi tsiku lomaliza lochitira zimenezo. Asangosiya kulowa m'kalasi, chifukwa zikatero amalembedwa kuti walephera.

Koma kugona tsiku lonse ndi kuthawa anthu si nkhani ya malikisi okha. Inu si dokotala, ndipo musadzisenzetse katundu ameneyo. Pa sukulu pali aphungu aulere, PsyCaD ku UJ ndi CCDU ku Wits. Musangomupatsa nambala, muyende naye mpaka pakhomo, mumudikire panja. Mufunseni mosazungulira ngati waganizapo zodzipweteka. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, musamusiye yekha, dziwitsani woyang'anira malo ogona kapena achitetezo a pa sukulu nthawi yomweyo, ndipo nambala ya 0800 567 567 ya SADAG, bungwe lothandiza ovutika maganizo, ndi yaulere. Pamenepo chinsinsi chimatha, ndipo mumuuze poyera kuti mukukauza wina chifukwa moyo wake ndi wofunika. Ngati sizinafike pamenepo, makolo musawaimbire kuseri. Mulimbikitseni awauze yekha, inu muli pambali pake.

Anyamata ena akuti mayaro ayenera kulawa pang'ono, kutichapira ndi kutigulira mowa, monga zinalili ku boarding. Akuti ndi momwe amazolowerera. — Wa komiti, Doornfontein

Kanani, ndipo mukane monga komiti yonse, zilembedwe m'malamulo a kagulu kanu. Malamulo a mayunivesite amaletsa kuzunza ophunzira atsopano, ndipo wochita zimenezo akhoza kuchotsedwa sukulu, visa yake n'kupita nayo. Komanso mwana amene mwamuchapitsa masokosi mu Febuluwale sadzabwera kwa inu mu Epulo akadzaberedwa foni kapena akadzasowa chakudya. Muikeponso lamulo lakuti konti asafunsire mwana amene akumuyang'anira, ndipo pakhale mtsikana wamkulu mmodzi mu komiti amene ana aakazi angakamuuze zinthu.

Malo ogona a pa sukulu adzaza. Ana atatu akufuna kuchita lendi limodzi. Tiwachenjeze chiyani? — Mlembi wa kagulu, Brixton

Choyamba, asatumize dipoziti pa chipinda chimene angochiona pa Facebook. Konti apite akaone ndi maso, atsegule mpopi, ayese loko, afunse ngati magetsi ndi ogula mayunitsi ndipo amagawana bwanji. Yambani ndi mndandanda wa nyumba zimene yunivesite inazivomereza. Mgwirizano wa lendi ukhale wolembedwa, mayina a onse atatu akhalemo, apo ayi wina akadzachoka pakati pa chaka ngongole yonse idzagwera amene anasaina. Lisiti ya ndalama iliyonse isungidwe. Tsiku lolowa ayendere nyumbayo limodzi ndi mwini wake, ajambule galasi losweka ndi khoma lothimbirira, chifukwa ndi zimene zimadyetsa dipoziti potuluka. Mwini nyumba akakana kubweza popanda chifukwa, Rental Housing Tribunal ya Gauteng imamva madandaulo otere kwaulere.

Muwauzenso za chisanu akadali ndi ndalama. Amafika kukutentha, mvula ya mabingu ikugwa madzulo, ndiye amaganiza kuti juzi imodzi ikwana. Juni ndi Julaye wa ku Joni amaposa wa ku Dedza, ndipo mayeso a semesita yoyamba amagwera m'nyengo yomweyo. Agule bulangeti lachiwiri ndi botolo la madzi otentha mu Epulo. Mbaula ya makala asailowetse m'chipinda chotseka mawindo, ngakhale magetsi atathima, chifukwa mpweya wake sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo.