Funsani Dokotala: Mwana wanga akungofooka, Coke wa tomato sakuthandiza

Adokotala, ndili ku Salima. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 16, ali Fomu 3 ku sukulu yogonera konko. Chiyambire teremu yathayi amangodandaula kutopa, akuti m'kalasi amasinza, akayenda pang'ono mtima umathamanga, akadzuka mofulumira amaona chidima. Atabwera ku holide ndinamupeza akudya dothi la pachulu. Anzanga a kumpingo anati ndi kuchepa magazi ndiye ndakhala ndikumupatsa Coke wosakaniza ndi tomato wa m'chitini, nthawi zina madzi a chidede, ndagulanso glucose wa ufa uja ndi ma energy drink koma palibe chikusintha. Alamu anga akuti mwana wamkazi akayamba kudya dothi ndi kugonagona ndiye kuti pali nkhani. Ndimugulire chani champhamvu, kapena ndikangomuikitsa diripi kupulaiveti? Ndine mayi wodandaula.

Mayi, funso mwalilemba ngati la zogula koma ine ndikuona kuti chokusowetsani tulo ndi mawu a alamu anuwo, ndiye tiyambire pomwepo. Kudya dothi si umboni wa mimba. Amayi oyembekezera ambiri amalakalaka dothi, zoona, koma zimenezi zimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi, ndipo timaziona kwa ana, kwa atsikana amene sanagonepo ndi mwamuna, ngakhale kwa abambo andevu. Ine sindingakuuzeni ndili kuno kuti mwanayo alibe pakati, kuyeza kwake ndi kwa mkodzo ndipo ndi kwa mphindi zochepa chabe. Chimene ndikupemphani ndi choti musamuike pabwalo la milandu pamaso pa achibale, mwana amene akudwala kale mukamuonjezera manyazi adzasiya kukuuzani chilichonse, ngakhale zimene ife tikufunika kudziwa kuti timuthandize.

Tsopano za Coke ndi tomato. Nkhani imeneyi ndaimva kambirimbiri, ena amati Coke ndi mkaka, ena chidede, ena madzi a masamba a mapeyala chifukwa akawira amafiira, ndipo maganizo ake ndi amodzi, akuti chofiira chikalowa m'mimba chimakasanduka magazi. Zikanakhala choncho bwenzi ife odya nkhwani tsiku ndi tsiku tili ndi magazi obiriwira. Chilichonse chimene tameza chimagayidwa kaye m'chifu ndi m'matumbo, thupi n'kusankhamo tizidutswa timene likufuna, mtundu wa chakumwacho ilo lilibe nawo ntchito. Magazi amapangidwa m'kati mwa mafupa, m'mafuta aja timayamwa tikamadya fupa la nyama, ndipo kufiira kwake kumachokera ku maselo ofiira amene ali ndi haemoglobin. Popanga haemoglobin thupi limafuna ayironi, ndipo mu Coke mulibe ayironi. Mkaka nawo uli ndi ayironi wochepa kwambiri. Chidede sindichinyoza, ndi chakumwa chabwino ndipo masamba ake ndi ndiwo, koma kufiira kwake ndi utoto wa chomera basi.

Chosangalatsa n'choti zonsezi mwana wanuyo ali nazo m'kope lake la Bayoloje, mumufunse za respiration muone ngati sakuyankhani. Thupi lonse ndi maselo, tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo maselo a minofu, ubongo ndi ziwalo zina amadzipangira okha mphamvu m'timagawo totchedwa mitochondria. Kuti mphamvuyo ituluke pamafunika zinthu ziwiri, shuga wochokera ku chakudya ndi mpweya wa okosijeni wochokera m'mapapo. Taganizani za mbaula yanu. Mutadzaza makala koma kakhomo ka mphepo kaja mwatseka, moto uyaka? Mungathirepo thumba lonse la makala nsima siipsa. Mwana wanu makala ali nawo, nsima ya kusukulu ndi phala zikumupatsa shuga wokwanira, chikuperewera ndi mphepo, chifukwa amene amanyamula okosijeni kuchoka m'mapapo kukafikitsa ku minofu ndi ku ubongo ndi maselo ofiira aja, ndiye akachepa kapena akakhala opanda haemoglobin wokwanira mpweya sufika bwino. Inu ndi glucose wanu mwakhala mukungothira makala pa mbaula yotseka.

Mukamvetsa zimenezi zizindikiro zonse mwalembazi zikulongosoka zokha. Mtima ukuthamanga chifukwa ukuyesetsa kuzunguza magazi ochepawo maulendo ambiri kuti mpweya ukwane. Akusinza m'kalasi chifukwa ubongo ndi wadyera, ngakhale ndi kachiwalo kochepa umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu za thupi lonse, ndiye mpweya ukachepa iwo umamva msanga. Si ulesi, ndipo ngati magiredi atsika musamukalipire kaye. Ma energy drink aja ndiye musiyiretu lero, ali ndi caffeine amene akukwapula mtima wothamanga kale, kenako usiku mwana sagona, mawa kutopa n'kuonjezeka.

Diripi nayo anthu amaikhulupirira mopitirira. Muja muli madzi ndi mchere kapena shuga, mulibe selo lofiira ngakhale limodzi. Munthu wotsegula m'mimba amene watha madzi m'thupi imamupulumutsa, koma munthu amene magazi achepa kwambiri kumuthira madzi ambiri m'mitsempha kungalemetse mtima wotopa kale. Aliyense amene angavomere kumuika diripi asanayeze magazi akufuna ndalama zanu.

Apa ndikudzudzuleni pang'ono mayi, mwachikondi. Teremu yathunthu yapita, holide ikutha, ndalama mwaononga pa Coke, zitini za tomato ndi glucose zikanakwana thiransipoti yopita kuchipatala maulendo angapo, pomwe chipatala cha boma kuyeza magazi salipiritsa. Anzanu a kumpingo mwina analasa ndithu kuti ndi kuchepa magazi, inenso ndikukayikira zomwezo, koma kuchepa magazi kumakhala ndi chochititsa, ndiye funso lenileni ndi loti magaziwo akupita kuti kapena akulephera kupangika chifukwa chani. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120 kenako limafa, thupi limapanga atsopano mosalekeza, ndiye ngati penapake pakudontha mungadyetse mwana chiwindi cha ng'ombe yonse chidebe sichidzadza.

Kwa mtsikana wa msinkhu umenewu malo oyamba kuyang'ana ndi msambo. Akutha masiku angati, akusintha mapadi kangati patsiku, kukutuluka zibuma za magazi? Ambiri sanena chifukwa amaganiza kuti ndi mmene zimakhalira kwa aliyense. Chachiwiri, muli ku Salima, ngati amasamba kapena kuchapa kunyanja ndi m'madambo tiyenera kuganiza za likodzo, mumufunse ngati anaonapo magazi kumapeto kwa mkodzo. Pali njoka za m'mimba zimene zimalowera kumapazi munthu akamayenda opanda nsapato n'kumakayamwa magazi m'matumbo, ndipo dothi akudyalo limabweretsanso njoka zina komanso limatchinga ayironi kulowa m'thupi. Malungo amaphwanya maselo ofiira mwachindunji. Ndiye palinso chakudya cha kugonera, nsima ya nyemba ndi kabichi sabata yonse, nyama mwa apo ndi apo. Mumufunsenso ngati amamwa Brufen, Indocid kapena aspirin pafupipafupi chifukwa cha cham'mimba cha msambo, mankhwala amenewa akachuluka amakanda chifu n'kumataya magazi mobisika.

Ndiye chochita ndi ichi, mupite naye kuchipatala sabata ino asanabwerere kusukulu. Akamuyeze Hb, umene ndi mlingo wa haemoglobin uja m'magazi, ndipo mufunse nambala yake muilembe, musangomva zoti magazi ndi ochepa basi. Kwa mtsikana wosayembekezera Hb yochepera 12 ndiye kuti magazi ndi ochepa, ikatsika mpaka kuchepera 8 ndi nkhani yaikulu. Akayezenso malungo, mkodzo ndi chimbudzi, ndipo akakuuzani za kuyeza mimba kapena HIV musadabwe kapena kukwiya, timatero kuti tisasiye kanthu. Mumulole alowe yekha kwa namwino kwa kanthawi inu mudikire panja, zipatala zambiri zili ndi mbali yothandiza achinyamata mwachinsinsi, pali zinthu mwana sanganene mayi ake atamutong'olera maso.

Akapeza kuti ndi ayironi adzamupatsa mapiritsi aja amapatsa kusikelo ya amayi oyembekezera, chonde alamu anu asaone mapiritsiwo n'kuyamba kuimba nthungululu kuti ananena, mankhwala ake ndi amodzi. Chimbudzi chimada bii ukamamwa, nthawi zina m'mimba mumauma kapena kuchita nseru, asasiye chifukwa cha zimenezo. Pakatha masabata awiri kapena atatu ayamba kumva kupepuka koma apitirize mpaka miyezi imene amuuza, kawirikawiri timaonjezera miyezi itatu Hb itabwerera kale kuti nkhokwe ya ayironi idzadze. Asamwere tiyi kapena mkaka, ndipo tiyi asamamwe nthawi imodzi ndi chakudya chifukwa amatchinga ayironi, m'malo mwake gwafa, malambe, mango kapena ndimu zimathandiza kuti alowe bwino. Pakhomo usipa, matemba, chiwindi mukachipeza, nyemba, bonongwe, chisoso, ndipo pobwerera kusukulu m'malo mwa ma energy drink mumulongedzere usipa wokazinga. Mapiritsiwo muike patali ndi ana aang'ono, mwana akameza ambiri akhoza kufa.

Koma ngati akupuma movutikira atangokhala, wakomoka, mapazi atupa, maso achita chikasu, akutaya magazi moti padi ikudzadza ola lililonse, kapena chimbudzi chada asanayambe mapiritsi, musadikire sabata ino yomwe ndanenayi, nyamukani tsiku lomwelo ngakhale ndi usiku. Mukabwerako mundilembere Hb yake ndi zimene apeza mu mkodzo.