Za ndalama zakale zomwe mwapeza m'sutikesi ya agogo

Achimwene, mwafunsa ngati ndalama zapepala zomwe mwapeza m'sutikesi ya malemu agogo anu zingagulidwe pamtengo wabwino poti ndi zakalekale. Tisanapite patali, chonde musazisite, musazichape, musamate selotepi pomwe zang'ambika ndipo za laminesheni iwalanitu. Anthu otolera ndalama amalizindikira msanga pepala lositidwa chifukwa limanyezimira mwachilendo komanso inki yotukuka ija imaphwa, mtengo umagwera pomwepo.

Tsono ukale pawokha sukweza mtengo ayi. Ku Germany mu 1923 ndalama zinatha mphamvu mpaka ankasindikiza mapepala a mamiliyoni ndi mabiliyoni a mark usana ndi usiku, lero padutsa zaka zoposa 100 koma ambiri mwa mapepala amenewo ndi otchipa zedi poti alipo mbwee. Chomwe wogula amafuna kudziwa n'choti mtundu umenewo watsala ungati, pepala lanulo lasungika bwanji, nanga alipo anthu akulilimbirana? Onani ya $1,000 ya ku America ya 1890 imene amaitcha Grand Watermelon chifukwa maziro akumbuyo kwake amaoneka ngati mavwende, zinatsala zowerengeka chabe ndipo imodzi inagulidwa $3.29 miliyoni pa okishoni mu 2014. Koma ya Zimbabwe ya 100 thililiyoni ija yolembedwa 2008 si yosowa konse, ikuyenda malonda chifukwa choti anthu dziko lonse amaifuna basi, n'chifukwa chake zabodza zake zachulukanso heve.

Pa kasungidwe ndi pomwe ambiri amakhumudwa. Kampani ngati PMG imayeza pepala ndi kulipatsa mamakisi kuyambira 1 mpaka 70, ndipo kuti lifike 60 kupita mtsogolo liyenera kukhala loti silinayendepo m'manja mwa anthu. Kungopindidwa kamodzi pakati latsika kale, ndiye onjezani makona opindika, timabowo ta sitepula, dzimbiri, madontho a madzi, zolembalemba za bolopeni, mupeza kuti mapepala awiri ofanana chaka ndi chithunzi mitengo yake yatalikirana kwambiri. Liwunikeni pa kuwala mopendeketsa, mizere yopindika yomwe simumaiona ionekera yonse.

Kenako yang'anani nambala ya pepalalo bwinobwino. Nambala yotsika ngati 00000012, kapena ya manambala ofanana okhaokha, kapena yowerengeka chimodzimodzi kuchokera kutsogolo ndi kumbuyo, ili ndi anthu ake oifuna. Palinso mapepala olowa m'malo mwa omwe anawonongeka posindikiza, ku America amakhala ndi kanyenyezi pa nambala, pa ya Zimbabwe ija amayamba ndi ZA pomwe wamba amayamba ndi AA, amenewa amakhala ochepa ndiye amadulako. Siginecha nayonso musaidumphe, gavanala wa banki amene anakhala pampando nthawi yochepa amasiya mapepala ochepa a siginecha yake.

Kuti mudziwe mtundu weniweni wa chomwe muli nacho fufuzani nambala yake ya Pick, dzinali linachokera kwa Albert Pick amene anayambitsa katalogi yaikulu ya ndalama zapepala za dziko lonse, ogulitsa ambiri amalemba P ndi nambala. Mukaipeza ifufuzeni pa eBay, msika wa pa intaneti, koma muone zomwe zinagulidwa kale, osati mitengo yomwe anthu akutchula, munthu atha kulemba mtengo uliwonse womwe walota ndipo pepalalo n'kukhala chaka osagulidwa. Ine sindingakulimbikitseni kuthamangira kokayezetsa ku PMG musanachite zimenezi, nthawi zambiri ndalama yolipira kumeneko imaposa mtengo wa pepalalo.

Pakadali pano ikani lililonse palokha m'kathumba ka pulasitiki kopanda PVC (mtundu wa pulasitiki womwe umawononga pepala), mogoneka, pamalo ouma osafika dzuwa. Jambulani mbali zonse ziwiri nambala ndi siginecha zikuoneka bwino muponye pano tione, ndipo aliyense wobwera ku inbox mothamanga kuti agule zonse pamodzi lero lomwe muyambe mwamudikiritsa kaye.