Mafunso ndi Mayankho: Nyumba za Boma Zikatha, Tigwetse Kapena Tikonze?

Makalata a mwezi uno akukhudza madera amene nyumba zake za boma zatheratu. Akuyankha ndi akatswiri a mapulani a mizinda ndi a zomangamanga.

Timakhala m'nyumba zosanja za boma. Denga likudontha, chikepe chinafa kalekale, ndipo nyumba zambiri zili pululu. Akuluakulu akuti agwetsa zonse n'kumanga zatsopano. Kodi tingovomera? — Mayi wa ana atatu

Mayi, musanayankhe, funsani kaye chimene chinapha nyumbazo. Kawirikawiri vuto silikhala makoma, koma kusowa kwa ndalama zokonzera. Ku St. Louis, ku America, kunali nyumba zotchedwa Pruitt-Igoe: midadada 33 yosanjikizana ka 11 uliwonse. Anthu anayamba kulowamo mu 1954, koma pofika 1972 inali itayamba kale kugwetsedwa. Boma linapereka ndalama zomangira, pamene zokonzera zinkayenera kuchokera ku lendi basi. Anthu atayamba kusamuka lendi inachepa, zikepe ndi mapaipi zinasiya kukonzedwa, ndipo osamuka anachulukirachulukira. Nyumba yatsopano yoyendetsedwa motero idzathanso chimodzimodzi. Lipoti la 1990 la bungwe la National Research Council la ku America linati chaka chilichonse pazipatulidwa ndalama zokonzera zokwana 2 mpaka 4 peresenti ya mtengo womangiranso nyumbayo. Afunseni akuluakuluwo kuti ndalama zoterozo zidzachokera kuti.

Kenako pemphani kuti nyumbazo ziyezedwe ndi injiniya amene sakudya nawo ntchito yogwetsayo. Mng'alu wa pulasitala si nkhani. Woopsa ndi mng'alu wopingasa wochokera pakona ya windo, umene ukukulirakulira: ikani chizindikiro ndi tsiku kumapeto kwake, muzikauonanso mwezi ndi mwezi. Onaninso pansi pa makonde ndi m'munsi mwa zipilala. Madzi akalowa mu konkire, zitsulo za m'kati zimachita dzimbiri, dzimbirilo limatupa n'kugamphula konkireyo. Zikangoyamba kumene zimakonzeka. Zitsulo zikadyeka kwambiri, pamenepo ndiye kugwetsa kumamveka.

Ngati mafupa a nyumba ali bwino, kukonza kumayambira kumwamba: denga ndi mipope ya madzi a mvula, kenako mapaipi ndi suweji, kenako mawaya a magetsi, mawindo, ndipo penti pomaliza. Ambiri amayambira penti chifukwa ndi amene amaoneka pachithunzi, mvula imodzi yokha nkhungu yabwerera. Ku Bordeaux, ku France, akatswiri ojambula mapulani a nyumba Anne Lacaton, Jean-Philippe Vassal ndi anzawo anakonza nyumba 530 za ku Grand Parc osagwetsa ngakhale imodzi. Anawonjezera khonde lalikulu lotchinga ndi magalasi kutsogolo kwa nyumba iliyonse, eni ake akugona momwemo.

Aliyense akungoti pulani ichokere kwa anthu. Ine ndine wapampando wa komiti ya alendi, koma sindikudziwa poyambira. — Bambo wina wopuma pantchito

Bambo, yambani ndi kalembera, osati msonkhano. Msonkhano umabweretsa okhawo amene ali ndi nthawi komanso pakamwa. Gawani anthu awiriawiri, wina akhale wa mumdadada womwewo, ayende khomo ndi khomo. Alembe mabanja, osati zitseko, pakuti nyumba imodzi imatha kusunga mabanja awiri, ndipo amene dzina lake silili papepala la lendi ndi amene amaiwalika tsiku logawa nyumba. Alembenso okalamba ndi olumala amene sangakwere masitepe, sukulu zimene ana amapitako, ndi amene amapeza ndalama pogwira ntchito pakhomo pomwepo. Mndandandawo muupachike poyera kwa masabata awiri kuti wosiyidwa adandaule. Chikalata chimodzi chikhale ndi komiti, china ku khonsolo, zonse zosainidwa.

Mukatero jambulani mapu aakulu, muyende nawo m'dera lonse kawiri, masana ndi usiku, ndipo ulendo wausikuwo atsogolere amayi ndi atsikana. Iwo ndiwo adzakulozerani kanjira kamene amakazemba dzuwa likalowa, nyali imene inazima chaka chatha, ndi bwinja limene anyamata amabisalamo. Ngalande ziyendereni mvula ikungokata kumene, madzi akadali chiimire.

Apa tsopano itanani misonkhano, ina m'mawa, ina madzulo, ina kumapeto kwa sabata. M'komiti yoyendetsa pulani, okhala m'deralo achuluke kuposa oimira khonsolo, mabungwe ndi amalonda, ndipo azisankhidwa pochita voti. Komiti yongofunsidwa maganizo, yopanda mphamvu yovomereza bajeti, n'chokongoletsera chabe.

Pulaniyo isakhale ndandanda ya zolakalaka. Chinthu chilichonse chikhale ndi mtengo wake, wochichita, ndi tsiku lomalizira. Musankheponso chimodzi chotheka m'miyezi itatu, poti anthu otopa ndi malonjezo amakhulupirira zimene aziona ndi maso. Anthu a ku Dudley Street mumzinda wa Boston ku America, amene anayambitsa bungwe lawo mu 1984, anayamba ndi kuletsa otaya zinyalala m'malo opanda nyumba. Pofika 1988 anali atapatsidwa mphamvu yotenga malo osiyidwawo kuti amangepo.

Gawaninso ntchito momveka. Ku Orangi mumzinda wa Karachi ku Pakistan, kuyambira 1980 motsogoleredwa ndi katswiri wa chitukuko Akhtar Hameed Khan, mabanja a mumsewu umodzi ankasonkha n'kudziikira okha chimbudzi ndi paipi ya suweji ya mumsewu mwawo, pamene mapaipi akuluakulu ndi malo oyeretsera zonyansa zinali mbali ya boma. Mbali ya boma ikachedwa, mapaipi a anthu amangokhuthulira mumtsinje, choncho kambiranani zimenezi musanakumbe.

Akuti tisamuke kaye, akamaliza tidzabwerera. Mtima wanga sukukhazikika. — Wowerenga wina

Nkhawa yanuyo ili ndi maziko. Pulogalamu ya HOPE VI, imene America inayambitsa mu 1992, inagwetsa nyumba za boma pafupifupi 100,000. Madera ambiri anakongoladi, koma nyumba za osauka zomangidwanso zinali zochepa kuposa zogwetsedwa, ndipo eni ake akale ambiri sanabwerere. N'chifukwa chake pulogalamu yotsatira, Choice Neighborhoods, imene inayamba mu 2010, inabwezeretsa lamulo lakuti nyumba iliyonse yogwetsedwa ilowedwe m'malo ndi ina, komanso kuti alendi akale akhale ndi ufulu wobwerera.

Musachotse katundu musanagwire pangano losainidwa lokhala ndi dzina lanu. Linene chiwerengero cha zipinda zimene mudzapatsidwe, chifukwa kugwetsa nyumba ya zipinda zitatu n'kumanga ya chimodzi ndi njira yachinsinsi yothamangitsira mabanja akuluakulu. Linene mmene lendi idzawerengedwere, amene adzalipire ulendo wopita ndi wobwerera, ndiponso kuti simudzafunsidwa ziyeneretso zatsopano pobwerera. Pamfundo yomalizayi m'pamene ambiri amagwera: ngongole yakale ya lendi imatulutsidwa patsiku lolandira makiyi. Kakamirani kuti ntchito igwiridwe m'magawo, amange kaye pamalo opanda kanthu, asamutsiremo mdadada woyamba, kenako augwetse. Komiti isunge nambala za foni za osamuka onse n'kumaziunika miyezi itatu iliyonse. Kumanga kumatenga zaka, ndipo banja losowa pamndandanda limayesedwa kuti silikufuna kubwerera.

Dera likakongola, lendi sidzakwera n'kutitulutsa ife tomwe? — Mlendi wa nyumba ya munthu

Imakweradi, ndipo inu a m'nyumba za anthu ndi amene mumayamba kumva kuwawa, poti pangano la nyumba za boma silikukhudzani. Mankhwala ake ndi kugwira malo mitengo isanakwere. Ku Dudley malo anawaika m'manja mwa bungwe la anthu a m'deralo: munthu amagula nyumba yokha, malowo n'kuwabwereka kwa zaka 99, ndipo akafuna kugulitsa, mtengo uli ndi malire. Pemphani komiti kuti ikulembeni m'kalembera, ndiponso kuti malo onse a khonsolo amene ali chikhalire asagulitsidwe pulaniyo isanavomerezedwe.