Timatuza pansi pa fiberglass: mwetsani kaye thabwalo

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake fiberglass, nsalu ya ulusi wa galasi yokutira thabwa, ikuchita timatuza toyera pa chivundikiro cha boti chimene mwapala nokha. Vuto si nsaluyo ayi, ndi thabwa. Thabwa louma limamwa epoxy (guluu wamadzimadzi womatira nsaluyo) ngati mchenga, nsalu n'kutsala youma. Ndiye musanayale nsalu, kwechani ndi sandipepala ya nambala 80, pukutani fumbi, kenako pakani epoxy wopyapyala kuti thabwa likhute kaye.

Nthawi yopakira nayonso ndi nkhani. Mukapaka m'mawa kutentha kukukwera, mpweya wa m'thabwa umafufuma n'kutulukira mu epoxy. Pakani madzulo kukuyamba kuzizira, pamenepo thabwa limakokera epoxy m'kati.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi makona. Nsalu siigona pa kona yakuthwa, imadzuka n'kusiya mphako momwe madzi adzabisalemo mpaka thabwa kuola. Kwechani makonawo akhale obulungira ngati pensulo. Nsalu ya magalamu 200 pa sikweya mita ikwana. Thirani epoxy pakati, mukankhe ndi kapulasitiki kulowera m'mphepete mpaka kuyera kwa nsalu kutheretu, mizere ya thabwa izioneka bwinobwino.

Sakanizani epoxy wochepa nthawi imodzi ndi mankhwala ake oumitsa, motsata ndendende muyeso wolembedwa pachitini. Ine ndinadzazapo kapu yonse, inanditenthera m'manja n'kuuma ndisanapake ndi theka lomwe. Magolovesi musaiwale.

Akauma, tsukani ndi madzi, kwechani pang'ono, pakaninso kawiri kuti maso a nsalu atsekeke. Pamwamba pake vanishi kapena penti yoteteza ku dzuwa, chifukwa epoxy wosaphimbidwa amasanduka wachikasu n'kuyamba kufumbutuka. M'mabowo a mahinjesi namonso mupakemo musanamange masikuluwu.