Bwanji Kafuku salira mkazi wake atamwalira?

Amayi ena andilembera imelo sabata yatha. Akuti anaonera filimu ya ku Japan ya Drive My Car atamva kuti inapata mphoto ya Oscar, koma anatopa nayo: maola atatu, mkazi wamwalira, mwamuna osagwetsa ndi msozi umodzi womwe. Akufunsa kuti anthu anaikonderanji.

Mayi, funso lanu ndi lomveka. Ife tinazolowera maliro omveka patali, ndiye munthu wofedwa akangokhala duu timayamba kumukayikira. Komatu kukhala duu kumeneku ndiye nkhani yonse ya filimuyi.

Yusuke Kafuku, katswiri wa zisudzo, anapezerera mkazi wake Oto ali ndi mwamuna wina m'nyumba mwawo, natseka chitseko mwakachetechete, osanena kanthu. Tsiku lina Oto anamuuza kuti madzulo akambirane. Iye poopa zimene akamve, anangozungulira ndi galimoto mpaka usiku. Pofika kunyumba anapeza mkazi ali gone pansi, mtsempha utaphulika mu ubongo. Munthu wotere angalire bwanji, pamene mkwiyo ndi kudziimba mlandu zamutsekera pakhosi?

Chimene chimandigwira mtima ine ndi kaseti ija. Oto anajambula mawu ake akuwerenga sewero la Uncle Vanya la mlembi wa ku Russia, Chekhov, akusiya mipata yoti mwamuna wake aziyankha. Patha zaka ziwiri, Kafuku ali ku Hiroshima, m'galimoto yake yofiira ya Saab 900, akuyankhabe mawu a malemu m'mipata yomweyo tsiku ndi tsiku. Ndinaimitsa filimu pamenepo, chifukwa inenso ndili ndi uthenga wa mawu m'foni umene sindinaufufute.

Dalaivala amene anamupatsa, Misaki, ali ndi zaka 23, zomwe mwana wamkazi wa Kafuku ndi Oto akanakhala nazo akanapanda kumwalira ali wamng'ono. Nayenso wasenza zake: dothi linagumuka ku Hokkaido n'kukwirira nyumba yawo, iye anatuluka n'kusiya mayi ake momwemo. Awiriwa amatenga nthawi yaitali asanaululirane, ndipo wotsogolera filimuyi, Ryusuke Hamaguchi, sawafulumizitsa. Taonani pamene akusuta fodya, aliyense atatulutsa dzanja pa kawindo ka padenga, osayankhulana.

Za mphoto, ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes mu 2021 inapata ya nkhani yolembedwa bwino. Mu 2022 inatenga Oscar ya filimu yakunja, ndipo inali yoyamba ya ku Japan kupikisana nawo pa filimu yopambana zonse. Mabungwe a olemba za mafilimu ku New York ndi ku Los Angeles anaisankha kukhala yabwino koposa m'chaka cha 2021. Odandaula za kutalika ngati inu aliponso ambiri, ndipo zoyeserera sewero zina ine ndikanazidulako.

Mwina munaizimitsa musanafike ku Hokkaido, Mayi. Bwererani. Kumeneko, ataima pa chipale chofewa pafupi ndi bwinja la nyumba ya Misaki, Kafuku amavomera kuti anazemba ululu wake, kuti akufuna Oto abwerere kuti amukalipire ndi kumupepesa. Misozi imene mumaifuna ija imatuluka pamenepo.