Mwana wanga wamkazi amakonda Star Wars: tipite tsiku lenileni lotsegulira chokwera chatsopano?

Mayi wina yemwe amakhala ku America walemba imelo yaitali ndithu. Mwachidule, ali ndi mtsikana wa zaka 9 wokonda kwambiri mafilimu a Star Wars, ndi kamnyamata ka zaka 4. Banjali lakhala likusunga ndalama za ulendo wa ku Orlando, ku Florida, ndipo bambo a anawo akufuna kuti ulendowo udzagwe pa tsiku limene paki ya zosangalatsa ya Disney idzatsegule chokwera chatsopano (makina amene anthu amakwera posangalala). Koma mtsikanayo wayamba kuzizira nazo, chifukwa anyamata a m'kalasi mwake amamuuza kuti zimenezo n'za amuna. Mayiwa akufunsa ngati tsiku lotsegulira lili labwino kwa ana, komanso ngati mwana wawo akalandiridwe kumeneko.

Mayi, tiyambe ndi za tsikulo. Musapite tsiku loyamba, ngakhale sabata zoyamba. Zimene zinachitika mu 2019 zikukwanira kufotokoza chifukwa chake.

Dera la Star Wars: Galaxy's Edge linatsegulidwa ku Disneyland, California, pa 31 Meyi 2019, kenako ku Disney's Hollywood Studios, Florida, pa 29 Ogasiti. Malo onse awiri anatsegulidwa ndi chokwera chimodzi chokha, Millennium Falcon: Smugglers Run. Chachikulu chimene anthu ankadikira, Rise of the Resistance, chinabwera pa 5 Disembala 2019 ku Florida ndi pa 17 Januwale 2020 ku California. Amene anagula matikiti a ndege atangomva mawu akuti "kutsegulira" anapeza theka la zimene ankayembekezera. Choncho paki ikalengeza tsiku, werengani bwino: akutsegula dera lonse, kapena mbali yake chabe? Ku California kunalinso lamulo lina: mpaka pa 23 Juni munthu sankalowa m'deralo popanda kusungitsa malo, ndipo ankapatsidwa maola 4 okha.

Chokwera chisanalandire anthu wamba chimadutsa m'magawo angapo. Amayamba kuchiyendetsa chopanda anthu, kapena ndi zidole zodzaza madzi zolemera ngati munthu. Kenako amakweza ogwira ntchito pa pakiyo, atolankhani, ndi anthu a matikiti a chaka chonse. Nthawi zina amachitsegula mwakachetechete kwa maola ochepa osalengeza, n'kuchitseka pamene afunira. Koma zonsezi sizifanana ndi kunyamula anthu zikwizikwi kuyambira m'mawa mpaka usiku. Zolakwika zambiri zimaonekera khamu likafika.

Taonani mmene Rise of the Resistance inapangidwira. Ulendo wonse umatenga mphindi pafupifupi 18. Magalimoto ake, onyamula anthu 8 iliyonse, sayenda pa njanji. Kompyuta ndi imene imadziwa pamene iliyonse ili. Mkati momwemo muli zikepe zokweza magalimotowo m'mwamba, chipinda chogwedezeka ngati chombo, ndi malo amene galimoto imagwa pang'ono pansi. Kachipangizo kamodzi kakangonena kuti chitseko sichinatsekeke bwino, kapena chipewa chikagwera m'njira, kompyuta imaimitsa zonse kuti magalimoto asagundane. Ogwira ntchito amatulutsa anthu, n'kubwezeretsa galimoto iliyonse pamalo pake, ndipo ola limatha mosavuta. Ngakhale chidole choyenda chokha cha Kylo Ren, mdani wa m'nkhaniyi, chili ndi cholowa m'malo: chikafa, amaonetsa chithunzi chake pa sikirini kuti ulendo usaime.

Pofuna kuchepetsa mzere, Disney inkagawa manambala oitanira magulu a anthu kukakwera, kudzera pa pulogalamu ya pafoni. Manambalawo ankatha m'mphindi zochepa, ndipo banja lochedwa kudina linkabwerera osakwera ngakhale linalipira polowa. Ku Florida njirayi anaisiya mu Seputembala 2021, koma imabweranso pa zokwera zina zatsopano. Kumene kunalibe manambala zinavutanso mwa mtundu wina: chokwera cha Hagrid ku Universal Orlando chitatsegulidwa pa 13 Juni 2019, ena anaima pa mzere maola pafupifupi 10. Ganizirani kamnyamata ka zaka 4 padzuwa la ku Florida.

Kuthamanga sikufika. Dikirani miyezi itatu kapena kuposerapo, musankhe masiku a pakati pa sabata masukulu a ku America ali otsegula, ndipo mugule matikiti a masiku awiri a paki yomweyo kuti chokwera chikafa tsiku loyamba mukhale ndi mawa. Ikani pulogalamu ya pakiyo pafoni mukadali kunyumba, mulumikize matikiti a banja lonse pa akaunti imodzi, chifukwa amene sanalumikizidwe salowa m'gulu lanu. Fikani pa geti ola lathunthu asanatsegule. Ogona m'mahotela a Disney amalowa mphindi 30 ena asanalowe.

Muyeze kamnyamatako msinkhu musananyamuke. Smugglers Run imafuna masentimita 97, Rise of the Resistance 102, ndipo pakhomo pali ndodo yoyezera imene sapanga nayo malonda. Akapelewera, funsani za Rider Switch: kholo limodzi limakwera ndi mtsikanayo pamene lina likudikira ndi wamng'ono, kenako musinthana osayambanso mzere.

Tsopano funso lachiwiri, limene ndikuliona kuti ndilo lakulembetsani kalata. Anyamata a m'kalasiwo akulakwitsa, ndipo mwana wanu ayenera kumva umboni wake, osati kungotonthozedwa.

Gulu la okonda nthano za sayansi za pa TV, lodziwana ndi kusonkhana, linakhazikitsidwa kwambiri ndi akazi. Magazini yoyamba yolembedwa ndi okonda pulogalamu ya pa TV ya Star Trek, Spockanalia, inatuluka mu 1967, ndipo akonzi ake anali Devra Langsam ndi Sherna Comerford. Wailesi ya kanema ya NBC itafuna kuthetsa pulogalamuyo, Bjo Trimble ndi mwamuna wake John anatsogolera anthu kulemba makalata ambirimbiri, ndipo mu 1968 inapatsidwa chaka china. Msonkhano waukulu wa okonda Star Trek ku New York mu Januwale 1972 unakonzedwa ndi komiti imene munali Joan Winston ndi Langsam yemweyo. Ankayembekezera anthu mazana ochepa, kunabwera pafupifupi 3,000. Mu Star Wars momwemo, Marcia Lucas anali m'modzi mwa atatu amene analandira mphoto ya Oscar mu 1978 chifukwa cholumikiza zithunzi za filimu yoyamba, ndipo mayi Leigh Brackett ndiye analemba koyamba nkhani ya filimu yachiwiri, The Empire Strikes Back, asanamwalire chaka chomwecho.

Nanga maganizo akuti n'za amuna anachokera kuti? Mbali yaikulu anachokera m'masitolo. Kwa zaka zambiri makampani a zidole ankaika zombo ndi malupanga kumbali ya anyamata, ndipo mwana akaona zimenezi amaganiza kuti ndi lamulo. Filimu ya 2015 itatuluka, mtsikana Rey ali mwini nkhani, bokosi la masewera a Monopoly la Star Wars linalibe kachidole kake. Anthu anadandaula pa intaneti ndi mawu akuti #WheresRey mpaka Hasbro, kampani yopanga masewerawo, inalonjeza kumuwonjezera. Ashley Eckstein, yemwe amalankhula mawu a Ahsoka Tano m'makatuni, anayambitsa kampani ya Her Universe mu 2010 chifukwa akazi ankasowa ngakhale malaya a Star Wars osokedwa m'thupi lawo.

Sindikubisirani kuti nkhanza zilipo. Mu Juni 2018 Kelly Marie Tran, wosewera m'mafilimu a Star Wars, anachotsa zonse pa Instagram yake atatukwanidwa kwa miyezi chifukwa chokhala mkazi komanso chifukwa cha mtundu wake. Zoterezi zimachitika makamaka pa intaneti, pamene munthu amabisa nkhope. Ndiko kofunika kumuyang'anira mwana wanu: ndemanga za pa YouTube ndi macheza a m'magemu. Ku paki n'kosiyana. Wopereka ntchito kwa okwera Rise of the Resistance ndi Rey, ndipo Vi Moradi, kazitape wa gulu la Resistance amene dera lonselo linakonzedwa ali m'nkhani yake, ndi mkazi wakuda.

Pali zinthu ziwiri zing'onozing'ono zimene mungachite tsikulo. Disney salola anthu a zaka 14 kupita m'tsogolo kuvala zovala zonse za anthu a m'mafilimu, koma wa zaka 9 ndi wololedwa. Akafuna kuvala ngati Rey, mumange tsitsi mfundo zitatu kumbuyo, nsalu ikhale yopepuka chifukwa cha kutentha, ndipo nsapato zikhale zimene anazizolowera kale. Akafuna kuvala ngati Darth Vader, mdani wamwamuna wa m'mafilimuwa, musamuletse.

Chinacho n'cha mu Smugglers Run. M'chipinda choyendetsera mumalowa anthu 6: oyendetsa awiri kutsogolo, owombera awiri pakati, amakaniko awiri kumbuyo. Kawirikawiri mabanja amangopereka mpando wakutsogolo kwa bambo kapena kwa mnyamata osaganizirako. Mukafika pamene wogwira ntchito akugawa malo, muuzeni mwaulemu kuti mtsikanayu akufuna kuyendetsa. Nthawi zina amakupemphani kudikira gulu lotsatira. Woyendetsa wakumanzere amakhotetsa chombo kumanja ndi kumanzere. Wakumanja amachikweza ndi kuchitsitsa, ndipo nyali ikayaka ndiye amakoka chogwirira chimene chimaponya chombo pakati pa nyenyezi. Mupemphereni mpando wakumanjawo.