Chimene chimandisowetsa tulo pa boti ndi nangula

Mayi ena andilembera pa imelo sabata yathayi. Akuti iwo ndi amuna awo akuganiza zogulitsa nyumba, agule boti la matanga, azikhala momwemo n'kumayendayenda m'zilumba za ku Caribbean. Funso lawo ndi ili: "Kodi anamondwe simuwaopa? Nanga chovuta kwenikweni n'chiyani?"

Zikomo amayi pondilembera. Namondwe timamuopa ndithu, koma ubwino wake ali ndi nyengo yake. Ku Atlantic nyengoyi imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, ndipo ambiri mwa ife okhala m'maboti timatsikira kumwera, ku Grenada kapena ku Trinidad, kumene anamondwe safikako kawirikawiri. Ndanena kuti kawirikawiri, sindinati safikako. Namondwe Ivan anasakaza Grenada mu 2004, Beryl naye anaphwasula chilumba cha Carriacou, cha dziko la Grenada lomwelo, pa 1 Julayi 2024, nyengoyo itangoyamba kumene. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse, madzi a tiyi asanawire, ndimayamba ndaona kaye zanyengo.

Koma chimene chimandidzutsa pakati pa usiku ndi nangula. Tangoganizani, nyumba yanu yonse, bedi, mapoto, mabuku, inu ndi amuna anu muli mtulo, zonsezo zagwidwa ndi chitsulo chimodzi chimene chili pansi pa madzi. Ndiye sitimangochiponya paliponse. Timafuna pamchenga, pamene madzi amaoneka owala ngati galasi. Pakuderapo pali udzu kapena matanthwe a korali: mu udzu nangula amaterereka, ndipo pa korali tcheni chimaphwanya chamoyo chimene chatenga zaka zambirimbiri kuti chikule. Ichi chimandipweteka mtima ndikachiona. Ngati madzi akuya mamita 5, timamasula tcheni chosachepera mamita 25, kenako timabweza boti chambuyo ndi injini kuti nangula akumbe. Ine sindikhutira mpaka nditavala magalasi osambirira, n'kumira kukamuona ndi maso anga kuti wakwiririka.

Usiku wina sindinamire. Tinafika kutada, titatopa, ndinangoti ndiona mawa. Cha m'ma 2 koloko kunabwera chimphepo ndi mvula, ndipo ndinadzidzimuka ndi phokoso la tcheni chikukhukhuluzika pansi, gudugudu! Potuluka panja ndinapeza nyali ya boti la anzathu, imene madzulo inali kutali, yayandikira moti ndikanalikhudza ndi nkhafi. Tinazula nangula mvula ikutimenya kumaso, n'kukaponyanso kwina. Palibe chinasweka, koma manja anga ananjenjemera mpaka mbandakucha.

China ndi madzi. Mungadabwe kuti munthu wozunguliridwa ndi nyanja amawerengera madzi ndi kapu. Thanki yathu imalowa malita 400. Mbale timatsukira madzi amchere, n'kutsukuluza ndi pang'ono chabe pa akumwa aja. Kusamba chimodzimodzi. Chovala chikanyowa ndi madzi amchere sichiuma bwino, chifukwa mchere umakoka chinyezi, ndiye mudzaphunzira kusakhala pabedi musanatsukuluze thupi. Alipo makina osefa mchere, koma amadya magetsi a m'mabatire, ndipo mabatirewo amadikira dzuwa pa sola. Mvula ikagwa masana mudzaona doko lonse likutekeseka, aliyense akutchera lona ndi zigubu.

Pa nsomba samalani. Zikuluzikulu za m'matanthwe, makamaka barracuda, zimatha kukhala ndi poizoni wotchedwa ciguatera, ndipo kuphika sikumupha. Muzifunsa asodzi a pachilumbapo kuti iwo amadya ziti.

Sindikukuopsezani ayi. Kulibe kwina kumene ndingafune kudzukira kuposa pano, kamba wam'nyanja akutulutsa mutu pambali pa boti n'kupuma kuti phuu! Koma nyumbayo musagulitse kaye. Chitani hayala boti kwa milungu iwiri, kapena pemphani eni boti ena akutengeni ngati othandiza pa ulendo. Mugone pa nangula usiku wamphepo, musenze zigubu kuchokera kumtunda, mukonze chimbudzi chikatsekeka, pakuti chidzatsekeka ndithu. Mukabwerako mundilemberenso, tidzakambirane za kukula kwa boti loyenera anthu awiri.